Chilombo Chimene Chinagwira a Ackim

Pakomboni ya famu ina yakale ya fodya, kufupi ndi Trelawney, munthu akamva dzino sankafunsa njira ya kuchipatala. Ankangofunsa ngati a Fanuel alipo.

A Fanuel anali makaniko wa mathirakitala m'masiku a mzungu. Famu itagawidwa m'mapuloti, mathirakitala anapita, koma bokosi la zitsulo linatsala, ndipo munthu wozolowera zitsulo sakhala manja lende. Kuseri kwa shedi yakale anakhomera mpando wa thirakitala pachitsa cha bulugamu, pambali pake botolo la sipiriti ndi pulayazi ziwiri, yaikulu ndi yaing'ono. Panalibe amene sankadziwa kuti mkuluyu sanaphunzire za mano. Eni akenso sankabisa. Ankati dzino ndi bawuti basi, kungoti mwini bawutiyo amalira. Ambiri ankadzuka pampandopo akuthokoza, pakuti dokotala wa mano anali kutali kutauni, kumene umafika mmawa ndi tsaya lako n'kuuzidwa kuti ubwerenso mwezi wamawa.

Pemphero ndiye sankathokoza nawo. Chaka china anathandiza kunyamula mayi woyandikana naye nyumba, amene anachoka pampando uja magazi osaleka mpaka kukomokera pampopi. Mayiyo anachira, ndipo anthu anati mwaona, a Fanuel sapha. Pemphero anaona zina. Choncho pamene bambo ake, a Ackim, anayamba kutafunira mbali imodzi m'nyengo ya mvula, iye anawakhazika pansi.

"Ababa, tikamaliza kusankha fodya ndikuperekezani kutauni. Koma kushedi kuja ayi. Lonjezani."

"Fanuel ndi mnzanga wa paubwana, mayi."

"N'chifukwa chake ndikuti lonjezani."

A Ackim anaseka ndi mbali yabwino ya pakamwa. Anali munthu wamtali wowonda, wosonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya a eni mapuloti mkati mwa sabata, wolandira alendo pakhomo la tchalitchi Lamlungu, komanso woimba ng'oma yotsogolera, mbalule, gule akatuluka. Iwo sankaona kuti zitatuzi zikulimbana. Anabadwira pafamu pomwepo, koma ankayankhula Chichewa cha makolo awo a ku Dedza, kumene iwo sanapondeko. Chimwalirire mkazi wawo ankakhala awiriwiri ndi mwana wawoyu, ndipo chuma cha m'nyumbamo chinali zilape.

"Chilape," anatero.

"Ababa, musazembe."

"Ndati chilape."

"Nachize."

"Antchito a pafamu yanga onse avala zoyera, ndipo sachoka pamzere. Folomani wawo ndi wofiira, amangoyendayenda n'kumalongolola."

Lamulo la nyumbayo linali lakuti wokanika chilape apereke famu. Akale ankapereka ng'ombe. Iwo, popeza analibe ngakhale mzere umodzi wa munda wawowawo, ankapatsana mafamu athunthu, ndipo Pemphero anali atawapatsa kale bambo ake dera lonse la Darwendale ndi madamu omwe.

"Mano ndi lilime," anatero. "Lero famu simuiona. Lonjezani."

"Lilime," anatero a Ackim, "dzina lokha ndiye la kulima." Kenaka anaika dzanja pachifuwa. "Ndalonjeza. Fanuel sagwira pakamwa panga."

Zimenezo zinakwana, chifukwa a Ackim sankanama. Ankatha kukuzungulitsa komboni yonse ndi mawu mpaka uiwale chimene unafunsa, koma bodza lenileni silinatulukepo m'kamwa mwawo. Mvula ili pafupi kusiya anati dzino lagona, ndipo linalidi litagona. Pemphero sanawafunse ngati lidzadzukanso.

Fodya ali m'mabalani, banja lina la pakomboni linamanga chiliza cha gogo wawo, ndipo Loweruka kunali gule. Kuyambira dzulo lake amuna anayamba kusowa mmodzimmodzi, kulowera kunkhalango ya kuseri kwa manda, kudambwe, kumene mkazi kapena mwamuna wosalowa gule sapondako. Shedi ya a Fanuel inali yotseka. Wobwera ndi tsaya ankauzidwa ndi akazi awo kuti bambo apita ku Banket kukagula zitsulo.

Tsikulo Pemphero anali paganyu yosankha fodya kutsidya kwa njanji, ndipo ng'oma anangozimvera patali. Gule sankamukonda kwenikweni. Malemu mayi ake anali a kwaya, ndipo iye anakula akutcha ovina obisa nkhope aja zvigure, monga ankawatchulira anzake onse kusukulu. Koma mbalule ya bambo ake ankaizindikira pakati pa ng'oma zina zonse. Tsikulo inachedwa kuyamba, ndipo itayamba inalira mwaukali, ngati ikukalipira munthu.

A Ackim anabwerako atakulunga mpango kumutu mpaka kuchibwano. Anati ndi mphepo. Sadza anakana, anapempha phala. Lamlungu pakhomo la tchalitchi panaima wina. Pofika pakati pa sabata, kunsi kwa nsagwada kunali kutatupa ngati abisako mango, thupi likutentha, ndipo pakamwa sipankatseguka kupitirira polowa nsonga ya supuni.

Pemphero anagwada pambali pa mphasa.

"Ababa, munapita kushedi?"

Anapukusa mutu.

"A Fanuel anakugwirani pakamwa?"

"Fanuel," anatero, mawu akutulukira m'mano opyapyala, "anali ku Banket."

"Nanga ichi n'chiyani?"

Anayang'ana kumalata. Kenaka anamugwira mkono n'kuufinya, monga ankachitira akafuna kuti amvetsetse chilape chovuta.

"Chilombo," anatero. "Chandigwira chilombo."

Mawu ena ali ngati nyumba ya makomo angapo, ndipo munthu amalowera khomo limene analizolowera. Pemphero anakulira m'manazale a fodya, mmene chilombo chinali kanthu kodya masamba, kopopera mankhwala. Anakumbuka milu ya nkhuni ya kumabalani, mobisalamo akangaude ndi zinkhanira. Anamasula mpango uja. Kunsi kwa chibwano, pakati pa chotupacho, panali timabala tiwiri tofiira, toyandikana.

"Chakulumani kubalani?"

A Ackim anatseka maso. Pemphero anati kuvomera ndi kumeneko.

Anawakweza pangolo ya ng'ombe ya mwini puloti wina kupita kukiliniki. Nesi anali mmodzi yekha, mayi wa Chishona wotopa m'maso, khonde litadzaza amayi a sikelo ndi ana awo. Anayatsa tochi ya foni n'kuunikira pakamwa pa wodwalayo, koma nsagwada zinali zitamangika. Sanaone kanthu koma milomo youma.

"Mano ali bwino?" anafunsa m'Chishona.

"Lina linkavuta nthawi ya mvula, koma linaleka," anatero Pemphero. "Palibe analigwira."

"Palibe? Inu a kumakomboni ndimakudziwani. Mumazulana ndi zitsulo za m'galaja, kenaka mubwere kuno mutatupa ngati achule."

"Ababa sanama, sisita. Amene amazula kwathu kunalibe, anali paulendo."

"Nanga eni ake akuti chiyani?"

A Ackim Chishona ankachidziwa ngati mwana wa Mshona. Koma anayang'ana mwana wawo, osati nesi, n'kubwereza mawu omwe aja m'Chichewa. Nesi anatembenukira kwa Pemphero.

"Ati bwanji?"

"Chipembenene," anatero Pemphero. Awa ndiwo mawu a Chishona otchulira tizilombo touluka ndi tokwawa. "Chawaluma kunkhuni. Taonani apa."

Pamenepo a Ackim anatong'ola maso n'kuyang'ana mwana wawo. Anamuyang'ana ndithu, ngati akufuna kubala mawu amene sakutuluka. Pemphero anawapukuta thukuta pamphumi.

"Pepani, ababa. Tatsala pang'ono kumaliza."

Nesi anasinika timabala tija ndi chala, nati kangaude wa m'nkhuni amaterodi. Anawapatsa mapiritsi ochepetsa kutupa ndi ena opha ululu, nati zikapitirira abwerenso. Anachiza matenda amene anauzidwa, ndipo mwana wina anali akulira kale pasikelo.

Mapiritsiwo Pemphero ankawasinja n'kuwasungunula m'madzi, kenaka kuwathira ndi supuni pampata wa mano. Chotupa sichinamve. Chinatsikira kukhosi mbali zonse ziwiri, cholimba ngati thabwa. A Ackim analeka kugona chagada. Ankangokhala tsonga atatsamira khoma, malovu akutsikira pamalaya, mpweya ukulira ngati mluzu wa ketulo. Pemphero anasesa nyumba yonse, anatentha mphasa yakale, anabwereka mpope n'kupopera mankhwala a fodya m'makona monse kuti chilombo chisabwerenso. Bambo ake ankamutsata ndi maso kulikonse kumene walowera ndi mpopewo. Potsiriza anaimbira foni azakhali ake, a Esnat, mlongo wa a Ackim, amene ankakhala ku Mhangura.

A Esnat anatsika minibasi dzuwa lili paliwombo. Anali mayi wamfupi wa mawu aakulu, mmodzi wa amayi amene amaimbira gule nyimbo pabwalo. Atalowa m'nyumba sanapereke ngakhale moni. Anaima pakati n'kununkhiza.

"Fungo ili si la kangaude." Anawerama pafupi ndi nkhope ya mlongo wawo. "Ili likuchokera m'kamwa. Achimwene, mwatani?"

A Ackim sankathanso kuyankhula. Anangotembenuzira maso kwa mwana wawo.

A Esnat anamukokera Pemphero panja, kuseri kwa nyumba.

"Tandiuza mawu awo. Osati ako, awo. Monga anatulukira."

"Anati a Fanuel anali ku Banket."

"Tsiku liti?"

"Tsiku la gule."

A Esnat anagwira pakamwa. "Ndiyeno?"

"Anati chandigwira chilombo."

"Chandigwira, kapena chandiluma?"

"Chandigwira."

"Mwana wa achimwene, kangaude ali ndi manja?" Mawu a azakhali aja anatsika mpaka kukhala ngati a munthu wina. "Zimene inu ana a masiku ano mumati zvigure, ife sititero. Ife timati zilombo. Mwamuna akavala kudambwe, dzina lake limamuchoka. Sakhalanso Fanuel, sakhalanso uje. Mkazi wake amati wapita ku Banket, wapita ku Chinhoyi, kulikonse kumene maso safika. Chotsalacho ndi chilombo. Ndakuuza zosayenera kunena poyera. Mulungu andikhululukire, ndi enawo andikhululukire."

"Ndiye bwanji osangonena kuti andizula dzino?"

"Zochitika kudambwe sizituluka pakamwa pa munthu wolowa. Ngakhale umuike mpeni pakhosi."

"Anandilonjezanso ine," anatero Pemphero chapansipansi. "Ndinawakakamiza. Ndinati a Fanuel asakugwireni."

"Ndiye anali pakati pa malumbiro awiri, ngati mbewa pakati pa miyala. Anakupatsa chimene akanatha kukupatsa. Ukanapeza wekha, iwo sakanakhala kuti aulula."

Pemphero anakumbuka dzanja lofinya mkono wake. Anakumbuka maso aja kukiliniki, pamene iye anatchula mawu a Chishona mosakayika, ngati mwana wokhoza m'kalasi. Bambo ake anamva. Anamva mwana wawo akulowera khomo lolakwika, ndipo analibe mawu omuitanira.

Shedi inali yotsegula. Pampando wa thirakitala panali mayi wina atagwira tsaya, akudikira, ndipo a Fanuel ankatsuka pulayazi yaing'ono ndi sipiriti. Ataona Pemphero anaiika pansi.

"Amalume, munawazula dzino ababa?"

"Ine ndinali ku Banket, mwana wanga."

"Akufa."

A Fanuel anayang'ana nkhope yake ngati akufunamo bodza. Sanalipeze. Anauza mayi uja kuti apite, lero sagwira ntchito. Mayiyo atachoka akung'ung'udza, iwo analowa m'shedi n'kutuluka ndi kabokosi ka machesi. Mkati munali theka la dzino, lakuda, lopanda mizu.

"Ndinamva nditabwerako," anatero, maso ali pansi, "kuti Ackim anafika kunkhalango kuja akulira ngati mwana. Dzino linali litadzuka. Ng'oma sakanatha kuigwira, ndipo popanda mbalule gule satuluka. Anthu anali atadzaza kale pabwalo. Iye anati, ndinalonjeza mwana kuti Fanuel sandigwira. Ndiye wina anati, Fanuel ali kuti pano? Onse anaseka. Iyenso anaseka." Anatembenuza kabokosi kaja m'manja. "Chilombo chimene chinali pomwepo chinali chitapaka kale matope ndi phulusa thupi lonse, mpaka m'manja. Kumaso chitaphimba, chikuonera pa timabowo. Pulayazi inalipo, yomangira waya wa zovala. Chinamugwira chibwano ndi zikhadabo za waya n'kukoka. Dzino linathyoka. Chinakumba, chinakumbanso, mizu inakana. Ng'oma zinali kuitana."

"Matope," anatero Pemphero.

"Ine pano ndimasamba m'manja. Funsa aliyense pakomboni pano. Zitsulo ndimatsuka ndi sipiriti."

"Inu mumasamba."

"Ine ndimasamba."

"Nanga bwanji simunabwere kudzatiuza zimene munamvazo?"

"Ndinamva kuti mwapita kukiliniki. Ndinati anesi aona okha."

Pemphero anatenga kabokosi kaja n'kukamanga pansonga ya chitenje. Analibe nthawi yokwiya. Mkwiyo anauika pambali ngati fodya wosankha mawa.

Anali a Fanuel amene anathamangira kumsewu n'kuimitsa lole yonyamula mabelo a fodya kupita kumsika ku Harare. Analinso iwo amene anabereka a Ackim kumsana kuchokera kunyumba mpaka kumsewu, nkhalamba itabereka nkhalamba inzake, osalola wina kuwalandira. Pamwamba pa mabelo anakhala kumbuyo kwa mnzawoyo, kumutsamiritsa pachifuwa kuti asagwe chagada. A Esnat anakhala mbali ina akupemphera chamumtima. Pemphero anagwira dzanja la bambo ake. Lole inkagwedezeka m'maenje, ndipo fungo lokoma la fodya wowuma linkalimbana ndi fungo lija.

Atadutsa Darwendale, Pemphero anasendeza pakamwa pake kukhutu kwawo.

"Ababa, chilape chija ndachimva. Chilombo cha miyendo iwiri."

Maso a a Ackim anatseguka pang'ono.

"Koma sindinapeze ndekha. Andiuza ndi azakhali. Ndiye ndakanika." Anapukuta mphuno ndi chitenje. "Tengani famu. Tengani Trelawney yense, mabalani, njanji, siteshoni yomwe."

Kumwetulira sakanatha, nkhope inalibe malo. Koma zala zawo zinayamba kugunda pamkono pake pang'onopang'ono, ndipo Pemphero anazindikira kuti ndi kalilidwe ka mbalule, kaja koyambira, koitanira anthu kubwalo. Anagunda choncho mpaka nyumba za mumzinda zitayamba kuoneka, kenaka zala zinangokhala.

Kuchipatala chachikulu anawathamangitsira mkati pamachira. Patapita nthawi panatuluka dokotala wachitsikana, magolovesi adakali m'manja. Anati awaboola pakhosi kuti apume, ndipo m'kamwa apezamo mizu ya dzino yowola. Pemphero anamasula chitenje n'kumuonetsa theka lija.

"Anazula ndani?" anafunsa dokotalayo.

A Esnat anayang'ana pansi. A Fanuel anali ataima pakhoma, chipewa chili m'manja. Pemphero anafunafuna mawu m'zilankhulo zake zonse, ndipo ulendo uno anasankha mosamala.

"Munthu," anatero. "Munthu wa pakomboni pathu. Ndi pulayazi ya waya, manja ali matope."

A Fanuel anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi.

Dokotala sanafunsenso dzina. Anati mafinya atsikira m'chifuwa ndipo magazi aipa. Anati akanafika chotupa chikungoyamba, inali nkhani ya jakisoni ndi kuchotsa mizuyo. Ananena mofatsa, osadziwa kuti akubaya pati. A Ackim anamwalira mawa lake masana, Pemphero atawagwira dzanja lomwe lija.

Mwini puloti imene inameza manda akale a pakomboni analola kuti aikidwe kumphepete, pamene mizere ya chimanga chake imathera. Pemphero anaima pamenepo akuyang'ana anyamata akukumba. Pa mafamu onse amene anawapatsa bambo ake chiyambire ubwana wake, iyi yokha ndi imene analandiradi, ndipo munthu akanatha kuidumpha.

Atchalitchi anaimba zawo mmawa n'kuchoka mwaulemu, monga amachitira pamaliro a munthu wa mbali ziwiri. Masana ng'oma zinayamba. Mbalule inagwidwa ndi wina, ndipo inkalira ngati munthu wolankhula chilankhulo chobwereka. Pemphero anakhala pakhomo pa nyumba pakati pa amayi, a Esnat kudzanja lake lamanja. Kumbuyo kwake anamva wina akunong'oneza. Anali mayi uja amene a Fanuel anamubweza osamuzula dzino, tsaya tsopano litakula, akufunsa akazi a a Fanuel.

"Kodi bambo alipo lero?"

"Apita ku Banket."

"Abwerako liti? Ine sindikugona."

Pemphero anatembenuka. "Mayi, maliro ano ndi a dzino. Mukudziwa?"

"Ndikudziwa, mwanawe, pepa." Mayiyo anayankhula atagwira tsaya ndi manja onse awiri. "Kutauni ndinapitako. Anati mwezi wamawa."

Pemphero anafuna kuyankha, koma amayi anayamba kuomba m'manja n'kuweramitsa mitu. Chilombo chinali chitatulukira kuseri kwa shedi. Chinali chopaka matope ndi phulusa, nthenga kumutu, nsanza m'chiuno. Sichinathamange kapena kubalalitsa ana monga zimachitira zinzake. Chinayenda ngati chasenza katundu, chinaponda fumbi pang'ono pabwalo, kenaka chinabwera molunjika pakhomo pa malemu n'kugwada. Chinalira ndi mawu aja opyapyala a zilombo, amene si a mwamuna, si a mkazi.

"Weramitsa maso," ananong'oneza a Esnat.

Pemphero anaweramitsa, ndipo maso ake anagwera pamanja a chilombocho, amene chinawatambasula padothi patsogolo pake. Matope anali atathera m'zigongono. Kuchokera pamenepo mpaka kunsonga za zala, manjawo anali osamba, otsukidwa mpaka kutuwa, ndipo ankanunkha sipiriti.